Kamphepo Kopanda Dzina

Richards Bay, 26 Febuluwale

Amayi,

Foni ya Thandiwe inandipeza ndili chagada pansi pa boti, ndikupala nkhono zimene zimamatirira kumimba kwake. Mlongo wanga sanapereke moni. Anangoti, "Achimwene, bambo atisiya." Kumbuyo kwake kunali kulira kwa anthu ambiri, ndipo mawu anu ndinawazindikira pakati pa onsewo. Foni itaduka ndinapitiriza kupala. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinamaliza mbali yonse ya botilo, mpaka mnzanga Matthews anabwera kudzandilanda chitsulo m'manja.

Ndayamba kalata chafutambuyo, osakupatsani moni. Muli bwanji, Amayi? Mukulawa kanthu? Miyendo ija ikutani? Ine kuno thupi lili bwino.

Ndalemba papepala, ndijambula ndi foni, Thandiwe akuwerengerani. Bambo ankati nkhani yolemera munthu amayamba waikhazika papepala, ndiye ndatsata zawo.

Kumaliro sindinabwere. Mukudziwa za mapepala anga: ndikangowoloka malire, kubwerera kuno kulibe. Lachinayi masana, nthawi imene ndinkaganiza kuti mwafika kumanda, ndinavula chipewa n'kukhala pakhoma la doko. Abwana anandiona, sanandiitane.

Ndatumiza R800 pa foni ya Thandiwe. Mugule shuga, mchere ndi sopo, poti alendo sanathe kubwera. Yotsala ikhale yanu.

Thandiwe wandiuza zimene bambo aang'ono a Jeremiah analamula tsiku lometa. Akuti fodya wotsala m'munda athyoledwe n'kulowa m'chigafa, koma tsamba ngakhale limodzi lisatulukemo mpaka iwo atabwera kuchokera ku Mitundu ndi abale a bambo, kudzakhala pansi kukambirana za katundu wa malemu, kumapeto kwa Malichi. Ndi mwambo, sindikutsutsa. Koma pa Khirisimasi bambo anandiuza kuti mzati wapakati wa chigafacho wadyedwa ndi chiswe, ndipo ankafuna kuusintha. Kusintha mzati kumafuna kutsitsa mikangala yonse n'kukasunga fodya m'nyumba. Pamenepo tsamba latuluka. Chonsecho tsiku lililonse mukuwonjezeramo fodya wamuwisi, wolemera.

Mwina ndikungodzipezera choganiza. Za kachifuwa ka bambo kaja tidzakamba tsiku lina.

Mwana wanu,
Efulemu


Richards Bay, 3 Malichi

Amayi,

Landirani moni. Thandiwe akuti mwayamba kumwa phala, ndathokoza. Ine ndili bwino, kupatula dzanja limene ndinadzicheka ndi waya, koma likupola.

Lero ndikuuzani za ntchito yanga, chifukwa yakhudza kwathu ku Nathenje. Abwana athu ali ndi maboti atatu otengera alendo kokawedza. M'mawa uliwonse, tisanakankhire boti m'madzi, amayang'ana mapu a nyanja pa kompyuta. Ndi nkhalamba yosakonda kulankhula, koma ataona kuti ndimawerenga chilichonse chimene alendo asiya, ngakhale nyuzipepala yokulungira nyambo, anayamba kundiitana kuti tizionera limodzi.

Pakati pa Mozambique ndi chilumba cha Madagascar pali nyanja yofunda ngati madzi oiwalidwa m'beseni padzuwa. Nyengo ino pamadzi pamenepo pamabadwa timphepo tozungulira. Mukudziwa akamvuluvulu a mu Okutobala, amene amanyamula mapesi m'munda n'kufera panjira asanafike kumudzi? N'chimodzimodzi, kungoti ta panyanja n'tokulirapo kutalitali. Tambiri timafa tokha. Kena kamadulidwa mutu ndi mphepo yam'mwamba. Kena kamagunda mtunda n'kusowa madzi okadyetsa. Koma kamodzikamodzi kamapeza madzi ofunda, kumwamba kuli bata, n'kunenepa tsiku limodzi lokha. Kameneko ndiye kamasanduka namondwe, ndipo amakapatsa dzina, ngati Freddy uja anatenga abale athu a kum'mwera. Kakadali kofooka kalibe dzina. Amangokazunguliza ndi mzere wachikasu pamapu, n'kulemba kuti mwa magawo khumi, ndi angati amene akusonyeza kuti kakula.

Lero kalipo kamodzi pafupi ndi gombe la Beira. Alemba magawo anayi.

Ndinafunsa abwana ngati kangafike ku Lilongwe. Anati, "Kwanu kulibe nyanja yamchere, iwe. Namondwe akafika kumeneko amakhala atatopa kale."

Ndinati, "Wotopayo mvula amagwetsa?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Imeneyo ndiye amagwetsa."

Amayi, tumizani mawu ku Mitundu kuti bambo aang'ono afulumire. Chigafa chili ndi fodya womaliza amene manja a bambo anabzala. Sindikufuna adzaolere pansi.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse panopa, mitengo yake ili pansi. Dikirani anthu ayambe kugulitsa fodya.

Efulemu


Richards Bay, 9 Malichi

Amayi,

Muli bwanji? Ulendo unakutopetsani bwanji? Ine ndili bwino. Ine ndi Matthews tachoka kukomboni, tikugona kaye m'nyumba yosungira maukonde kuno kuntchito. Kuja kunayamba kuyenda anthu ena khomo ndi khomo, ofunsa za ife obwera. Musadandaule, kuno kuli mpanda.

Kamphepo kaja kanafa Lachisanu. Kanabadwa kena kumpoto kwake, nako sikanathe masiku awiri. Matthews sakundisiya. Amanditcha Aphunzitsi chifukwa cha mabuku anga. Dzulo akuti, "Aphunzitsi, mwathamangitsa Nathenje yonse chifukwa cha choko chachikasu! Kenako mudzatiuza kuti tibise nkhuku poti ku Madagascar kwachita mitambo." Ndinaseka naye, koma manyazi anandigwira.

Manyaziwo anandigwira kwambiri Thandiwe atandiuza kuti simunatume munthu, munapita nokha. Inu, amene mumasanza mu minibasi ngakhale ulendo wa ku tauni! Minibasi ziwiri, kutsika pamphambano ya ku Bunda, kudikira ina padzuwa, duku lakuda kumutu, maliro asanathe masabata awiri. Thandiwe anali nanu, ndiye wandifotokozera zonse, mpaka kuyesezera mawu a bambo aang'ono.

Akuti munawapeza akusoka fodya wawo pansi pa mtengo, ndipo mutapatsana moni munati, "Alamu, chigafa cha achimwene anu chapendekeka."

Iwo akuti, "Chayamba liti, alamu? Iwo ali moyo sichinkapendekeka?"

"Chinkapendekeka, koma analipo wochiyang'anira."

"Ndiye mwana wanu wa ku Joniyo akuona mphepo ya kuno ali kunyanja? Muuzeni abwere adzaigwire mchira."

Mawu amenewo andipweteka, koma ndawalandira. Sindinabwere, n'zoona. Ndiponso bambo aang'ono si munthu woipa. Akuti kenako anatsitsa mawu n'kukukumbutsani za maliro a ku Malingunde aja, kumene katundu anasuntha abale asanakhale pansi, ndipo mabanja awiri mpaka lero sapatsana moni. Akuti anati, "Ndikuteteza dzina lanu, alamu. Tsamba likatuluka, pakamwa pa anthu sindingathe kutsekapo. Ndimalize wangayu, ndibwera."

Ndipo inu munangoti, "Ndamva. Tsamba silituluka." Munamwa madzi, munatsanzika.

Ine ndikanakangana nawo mpaka dzuwa kulowa, ndikanatchula malamulo amene ndinawerenga. Inu mawu atatu okha. Mabuku onse amene ndawerenga sanandiphunzitse kuyankha chotero.

Ndatumiza R300, kubweza ya mayendedwe. Kuno buledi wakweranso.

Efulemu


Richards Bay, 14 Malichi

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira miyendo yaphwa. Ine dzanja lapola, ndayambanso kukoka zingwe. Alendo achepa, sabata ino tatuluka kawiri kokha. Abwana akuti aona kumapeto kwa mwezi kuti asunga anthu angati. Tidzaona.

Kalata iyi ndi yokupumulitsani. Kabadwanso kamphepo kachitatu, pafupi ndi Quelimane, koma n'kofooka kuposa tiwiri tija. Dzulo analemba magawo awiri, lero gawo limodzi. Kayandikira gombe kwambiri. Abwana anandionetsa ndi chala, akuti, "Taona, theka la thupi lake lili kale pamtunda. Kalibe nthawi yodya. Aka dzina sikalandira." Iwo akhala panyanja zaka makumi anayi, ndipo sindinawaonepo akuphonya pa zimenezi.

Ndiye pumulani, Amayi. Ndakuvutitsani kawiri pachabe, ndakuchititsani manyazi pamaso pa alamu anu. Masabata awiri atsalawa si ambiri. Chigafa chapirira dzinja lonse, chipirira mpaka bambo aang'ono abwere. Musachiyang'anenso, muyang'ane thupi lanu.

Thandiwe akuti mtedza wayamba kukhwima. Musazule msanga.

Dzulo mlendo wina anasiya buku la nyenyezi zimene oyenda panyanja akale ankatsata. Ndinapeza kuti nyenyezi zimene bambo ankandilozera tili pakhonde zilimo, ndi mayina ena. Ndinatenga foni kuti ndiwauze. Ndinakumbukira foni ili kale m'manja.

Efulemu


Richards Bay, 17 Malichi

Amayi,

Muli bwanji? Ndikufunsa, koma sindikudziwa ngati kalata iyi ifika. Foni ya Thandiwe sikulowa kuyambira dzulo m'mawa.

Abwana sanalakwe. Kamphepo kaja sikanakule, dzina sikanalandire, pamapu akafufuta kale. Koma sikanafe. Kalowa kumtunda kali kofooka chomwecho, katasenza madzi onse amene kanamwa, ndipo kakuyenda pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza. Pa kompyuta mtambo wake waphimba kuyambira Tete mpaka Dedza ndi kupitirira. Ndikuyang'ana pamene pali Nathenje, sindikuonapo kanthu, pali mbuu.

Ndinafunsa funso lolakwika, Amayi. Ndinkangofunsa kuti kodi kakula? Sindinafunse kuti mzati wodyedwa ndi chiswe umafuna mphepo yaikulu bwanji kuti uthyoke.

Ngati mwamva kalatayi, chonde musalowe m'chigafa. Chigwe, fodya aole, inu musalowemo. Thandiwe, ukumva? Uwagwire amayi dzanja.

Aka n'kachiwiri chaka chino kuuza munthu wa m'nyumba mwathu kuti adikire kumapeto kwa mwezi.

Efulemu


Richards Bay, 21 Malichi

Amayi,

Thandiwe waimba! Akuti magetsi anazima pa Nathenje masiku anayi, ndipo muli bwino nonse, kupatula chimfine. Ndinakhala pansi pomwe ndinaimapo, pamwamba pa mulu wa maukonde onyowa. Matthews akuti, "Aphunzitsi, mukaikira mazira pamenepo?" Kenako anaona nkhope yanga, anandibweretsera tiyi.

Ndiloleni ndibwereze zimene wandiuza, ngakhale mukuzidziwa kuposa ine. Ndikufuna zikhale papepala.

Akuti mutangobwera ku Mitundu munazungulira chigafa kawiri, kenako munakaima kutsogolo kwa khitchini yanu nthawi yaitali. Khitchini imene munamanga ndi mitengo ya m'munda wa amayi anu, imene si katundu wa malemu ndipo palibe wa ku Mitundu angaiwerengere. Lachinayi munaitana anzanu asanu a Mvano, atatuluka kumapemphero. Munasasula udzu, munatsitsa mapaso, munakumba mapanda onse n'kuwazula.

Akuti amuna ena anaima panjira ndi njinga zawo. Wina akuti, "Amayi a Mvano ayamba ukalipentala! Nachisale, chikagwa chimenecho mlandu wake ukakambidwira ku Mitundu!"

Ndipo inu, phanda lili paphewa, munati, "Gwirani kumbuyoku, kapena chotsani mthunzi wanu tione pokumba."

Awiri anatsika panjinga n'kugwira.

Mapanda anayi munawaimika kuzungulira mzati wodyedwa uja, n'kuwamanga ndi waya. Mapaso munachirikiza nawo chigafa kunja, mbali imene chinapendekekera. Munagwira ntchito yonseyo mutawerama pansi pa fodya, osatsitsa mkangala ngakhale umodzi.

Kalata yanga yoti mupumule inafika muli pakati pa ntchitoyo. Thandiwe akuti anakuwerengerani mukumanga waya, ndipo simunatukule mutu. Munangoti, "Umuuze kuti chiswe sichiwerenga mapu."

Kenako mvula inabwera, masiku atatu, ndi mphepo tsiku lachiwiri. Zigafa ziwiri za anthu ena m'mudzi zinagona pansi. Mzati wa bambo unathyokera m'tsinde, Thandiwe akuti anaumva ali m'nyumba, koma chigafa chinangotsamira pa mitengo ya khitchini yanu n'kuima. Denga la chipinda chakumapeto linasasuka, mikangala ngati makumi anayi inanyowa. Ngakhale wonyowayo simunamutulutse. Munaphimba pamwamba ndi udzu wa khitchini, n'kumusiya pomwepo. Masiku onsewo mwaphikira pakhonde, pambaula, utsi ukulowa m'nyumba.

Ine ndili ndi kompyuta ya abwana, mapu, mabuku. Inu munali ndi khasu ndi waya.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizemba. Mu Januwale bambo anandiimbira, akutsokomola pakati pa mawu. Ndinawafunsa, anati, "Ndi kachifuwa chabe." Ine ndinali ndi ndalama pang'ono, koma ndinkafuna kusungira za mapepala. Ndinayeza m'mutu, ndinaona ngati n'kanthu kofooka, kotha kokha. Ndinati, "Dikirani kumapeto kwa mwezi, ndidzatumiza mupite kuchipatala." Anati, "Chabwino, mwanawe." Pamene ndinatumiza, kanali katakula kale.

Thandiwe, usadumphe ndime imeneyi. Uwawerengere yonse.

Efulemu


Richards Bay, 2 Epulo

Amayi,

Landirani moni. Chimfine chatha? Ine ndili bwino. Abwana asunga anthu atatu, ine ndili m'gululo mpaka Juni. Matthews sanasungidwe. Akuti ayesa ku Durban, ndamupatsa jekete langa lija. Nyumba ya maukonde yakula.

Thandiwe wandiuza za Loweruka, pamene bambo aang'ono anabwera ndi abale anayi. Akuti asanakhale pamphasa analunjika kuchigafa, ena akuwatsatira. Anaona mzati wothyoka. Anaona fodya wonyowa uja, wakuda, akadali pamalo pake. Kenako anagwira phanda limodzi, n'kuyang'ana chikhatho chawo, chitada bii.

"Mitengo ya mwaye iyi yachokera kuti, alamu?"

Anatembenuka okha, anaona pamene panali khitchini, pali mafuwa atatu pamtetete.

Akuti anavula chipewa, anakhala pachitsa. Kenako anati, "Ine ndinalamula ndili ku Mitundu, osabwera kudzagwedeza mzati. Mlamu wanga wasunga mawu anga ndi fodya wa achimwene anga, zonse ziwiri, ndipo walipira ndi khitchini yake. Pali amene akufuna kuwerenga mikangala muno?" Palibe anadzuka. Anagamula kuti fodya yense akhale m'manja mwanu, abale atenge njinga, wailesi ndi zovala. Anawonjeza kuti akamaliza kudinda mabelo awo abwera ndi mitengo pangolo, adzamange khitchini ndi manja awo.

Ndipo inu akuti munati, "Mubwere nayo yoti chiswe sichinalawe, alamu." Anthu anaseka, ndi iwo omwe. Thandiwe akuti n'koyamba kumva kuseka pabwalo lathu chichokereni bambo.

Ndinawafotokozera abwana nkhani yonse. Anamvetsera osandidula. Kenako anatsegula mapu a mwezi watha, pamene panali kamphepo kaja palibe chilichonse cholembedwa. Anati, "Ife a panyanja timaopa zokhala ndi dzina. Amayi ako ndi ndani?" Ndinati Jacinta Nachisale, a ku Nathenje. Anabwereza dzinalo mopotoza lilime, n'kugwedeza mutu.

Mawu anu amene Thandiwe anajambula ndawamva. Ndawamvetsera kambirimbiri, ndiye ndikuwalemba pano kuti foni ikadzatayika asatayike nawo. Munati:

"Efulemu, iwe unali ku Joni, unamva chifuwacho kamodzi pafoni. Ine ndinkagona nacho m'nyumba imodzi, ndipo nanenso ndinati ndi kachifuwa. Bambo ako nawonso anatero. Tinalakwa atatu, ndiye usasenze wekha, katundu wa atatu amathyola khosi. Mzati uja ndinauchirikiza chifukwa cha chifuwa chomwecho. Ukaona kamphepo kena pamapu ako, uzindiuzabe. Ine ndiziyang'ana mizati."

Ndizikuuzani, Amayi. Lero panyanja palibe mzere wachikasu. Abwana akuti madzi ayamba kuzizira, nyengo yake ikutha.

Ndatumiza R500. Thandiwe agule ziguduli za mabelo msanga, zisanakwere. Wonyowa uja musasakanize ndi wabwino, bambo sankatero.

Chatsala ndi ichi. Chigafa chaima pa mitengo ya khitchini yanu. Fodya wa bambo ali momwemo, wouma, kupatula wa chipinda chakumapeto. Mafuwa atatu ali panja. Inu mulipo, Thandiwe alipo, ine ndili kuno.

Efulemu